Zikhomo za malume pansi pa khonde

Okondedwa achemwali a Janeti,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi ukupola? Ine kuno ku Zomba ndili bwino, kupatula tulo.

Ndakumana ndi a Ida a kumudzi aja pa depoti, ndipo zimene andiuza zandiumitsa pakamwa. Akuti a boma oona zinthu zakale atakhoma chikwangwani chakuti nyumba ya mzungu ija ya ku Mlangeni, imene amayi amayang'anira, ndi yotetezedwa, malume a Paison anaseka n'kunena kuti thabwa silingateteze nyumba. Ndiye anakatenga sing'anga kutsidya kwa malire kuti aitsirike. Akumba maenje patsinde pa nsanamira za khonde, aikamo zikhomo, ndipo akuti asafotsere mpaka mankhwala atagwira.

Achemwali, nyumba imeneyo ilibe simenti. Njerwa zake anamangira dothi, ndipo chaisunga zaka zonsezi ndi khonde lozungulira lija, loletsa mvula kufika pakhoma. Matailosi a padenga ndi olemera, ndipo akhalira nsanamira zomwezo. Madzi akalowa m'maenjemo, nsanamira zifewa kunsi, khonde ligwada ngati ng'ombe yokana ngolo. Mfiti sizidzavutikanso n'kuuluka, zidzangolowa chapansi.

Kuteteza kwa boma n'kwakuti munthu asakhudze kanthu, ngakhale msomali. Akadzabwera kudzayendera sadzafunsa za malume, adzafunsa woyang'anira. Amayi ntchito idzawathera pomwepo, n'kutulutsidwa m'kanyumba kakuseri kamene amakhalamo kaja. Pa msinkhu wawowo adzalowera kuti?

Pempho langa ndi limodzi. Mvula isanagwe, alamu afotsere maenjewo ndi dothi la pachulu, atsindire ndi musi mpaka lilimbe. Simenti ayi, imaonekera patali ndipo ndi mlandu wina. Zikhomozo zisiyeni momwemo, ndipo musakangane ndi malume. Muwauze kuti ine wa ku yunivesite ndawerenga m'mabuku kuti mankhwala amagwira bwino akafotseredwa msanga. Aka kakhala koyamba digiri yanga kuthandiza pamudzi.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma musawaopseze ndi nkhaniyi. Moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa malume amene, mwaulemu wonse. Nyumbayo inapirira chiswe, inapirira mzungu, ipirirenso chitetezo cha malume.

Musadikire Lamulungu, achemwali. Kuno mitambo yayamba kale kuda paphiri.

Ndine mlongo wanu,
Benson