Tsitsi Limene Monika Anasiya

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ndine Agnesi wanu, ndikadali kuno ku Lisibowa, kudziko la Azungu. Maphunziro a uphunzitsi amene a mishoni ananditumizira aja sanathe. Ndimagona kwa mayi wina wamasiye, a Dona Ameliya, m'kachipinda ka pamwamba. M'mawa ndimakwera eletiriku, ngolo yamagetsi yokwawa m'misewu yotsetsereka, ndipo ndikaweruka ndimawerenga. Buledi ndamuzolowera, nsomba yawo yamchere youma ngati thabwa ndaizoloweranso. Chimene chikundikanika kuzolowera n'chakuti munachoka ine kulibe.

Za kwathu ku Lunho mwina mumaziona nokha, komabe ndikuuzeni monga ndazimvera. Mng'ono wanga Monika wachira, mwana ndi wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu, Biatirisi. Ndinayenera kusangalala, ndipo ndinasangalaladi, koma dzinalo ndinkalisungira mwana wanga ine, woyamba kubadwa wanu. Chinangwa cha kumtunda chachita bwino. Amalume afolera nyumba yanu, koma akudandaula kuti asilikali sakulola ngalawa kupita kutali, choncho usipa ukuchepa pa thandala. Mbuzi yanu yakuba ija yalowanso m'munda wa eni.

Loweruka ndi Lamulungu ndimayenda. Ndinakwera ku linga lakale la pamwamba pa phiri, kumene mzinda wonse umaoneka ngati mbale zofiira zoyanikidwa. Ndinapita pa komboyo, sitima ya pamtunda, kukaona nyanja yamchere, ndinailawa, ndinalavula. Ndinapitanso kumalo osungira zinyama, n'kupeza anthu ovala bwino ataunjikana kuonerera mvuu m'thamanda la simenti. Ndinaseka ndekha pokumbukira mmene munkaitukwanira mvuu ija inkatha mpunga wanu, mpaka ndinazilemba m'kalata ya kumudzi. Chilichonse ndinkachiona ndi maso awiri, langa ndi lanu, n'kumakonzeratu mmene ndidzakufotokozereni. Tsopano ndimaona zinthu, n'kusowa kozipititsa.

Lamulungu lina a Dona Ameliya ananditenga kumanda kwa amayi awo. Kuno manda ali ndi misewu, ndipo munthu amalowa tsiku lililonse wafuna. Anagwada, anatsuka mwala ndi kansalu, anaika maluwa, kwinaku akuwadandaulira amayi awo za bondo ndi za mwana wawo wosalemba makalata. Ine ndinaima nditagwira ndowa, mtima ukuwawa ngati andilanda kanthu. Amayi, ndinachitira nsanje nkhalamba yovala zakuda chifukwa cha mwala. Pamene mwagona inu sindipadziwa n'komwe, kaya ndi pafupi ndi abambo, kaya ndi kumsuku kuja.

Tsiku linanso ndinafika kudoko, sitima ikunyamula asilikali opita kunkhondo kwathu. Amayi awo ankalira, akukupiza tinsalu toyera. Ndikudziwa chimene anyamatawo akukachita, ndipo sindiwafunira ulendo wotero. Komabe mumtima ndinati, ena mwa awa akaponda mchenga wa kunyanja kwathu ku Chiwanga ine ndisanauponde, chikhalirecho sakuufuna.

Koma nsanje yeniyeni ndi ya Monika, ndipo inu nokha ndi amene ndingakuuzeni. Moyo wanu wonse munkanyadira ine. Alendo akabwera munkati Agnesi awerenge. Monika munkangomutuma kumadzi. Koma pomaliza amene anakumwetsani phala ndi iye. Anakusambitsani ndi iye, mawu anu otsiriza anagwera m'khutu mwake. Pa tsiku lometa, abale onse anakhala pansi, lumo linadutsa pamutu pa aliyense, maliro anatha. Ine tsitsi langa lili chonchi, lodzaza, ngati la munthu amene sanaferedwe. Ndikadziona pagalasi ndimadziona ngati mlendo wongodutsa pa maliro a eni.

Ndinapempha a Dona Ameliya kuti andimete. Anagwira pakamwa. Anati kuno mkazi amametedwa akagwidwa ndi nsabwe kapena akamuchititsa manyazi, ndipo m'malo mwake anandibwereka diresi lakuda. Ndimalivala, koma ndi maliro a msinkhu wa munthu wina, amandithina m'khwapa. Mwinanso anachita bwino kukana. Dzanja lachilendo likanachotsa tsitsi lokha.

Munkati nsanje ndi nsabwe, imaluma mwini mutu. Zoona, yandiluma. Chichokereni inu, miyezi yonseyi, Monika sindinamulembere. Ndinkaganiza kuti akuyenda m'mudzi ndi mpala wake ngati mendulo, akuuza anthu kuti wamabuku uja anasankha kukaona nyumba za Azungu. Ndinkaopa kuti ndikadzafika ndidzapeza maliro anu atatsekedwa, ine ndili kunja.

Sabata yatha kunafika a Padiri, ansembe a ku mishoni kwathu, abwera kudzaonana ndi madokotala. Ananditengera kaphukusi ka usipa, kamene kanunkhitsa nyumba yonse mpaka a Dona Ameliya atsegula mawindo. Titakhala pansi anandiuza kuti Monika anawatsatira mpaka pa ngalawa, mwana ali kumbuyo. Kumeneko anavula duku. Mutu wonse tsitsi likumera mofanana, koma kunkhongo kuli katsumba kakatali kamene lumo silinakhudze. Akuti pa tsiku lometa anagwira dzanja la azakhali n'kunena kuti apa ndi pa Agnesi. Azakhali anakalipa kuti mwambo sutero, iye osasuntha. Ndiye anawatuma a Padiri mawu awa:

"Mukawauze achemwali kuti katsitsi aka kakundiyabwa. Akamaliza kuonerera mvuu za Azungu abwere adzakachotse, nanenso ndidzawamete."

A Padiri anaseka pondiuza. Ine ndinalira mpaka anasowa poyang'ana. Ndipo Amayi, musandiseke, pansi pa misoziyo nsanje inalipobe. Ine ndawerenga mabuku onsewa, ena olira amayi awo m'zinenero zitatu, koma nzeru yotere sinandifikepo. Monika waipeza ali pamtondo. Ngakhale pa kukoma mtima wandiposa, ndipo ndayamba kukayika ngati munkanyadira mwana woyenera.

Dzulo ndamulembera. Sindinatchule linga kapena komboyo. Ndangomufunsa kuti munanena chiyani pomaliza, ndipo ndamuuza kuti ngati sakufuna kundigawira pa pepala, andisungire.

Loweruka likubwerali anzanga akupita kukaona nyumba ya mafumu ya kumapiri. Ndipita nawo, ndikaone m'malo mwa Biatirisi wamng'ono, kuti ndidzakhale ndi womuuza. Koma chipeso chokha ndicho chidzakhudza mutu uno. Maphunziro akangotha ndidzatsika pa ngalawa ndi tsitsi langa lonse, ndidzakhala pansi pakati pa miyendo ya mng'ono wanga monga ndinkakhalira pa inu, ndipo tikatha adzandilondolera pamene mwagona.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani.

Ine mwana wanu wosameta,
Agnesi