Ba Tate Anayeretsa Kariba

Lolemba, 9 Sepitembala 2024

Malaiti kulibe kuyambira dzulo. Saluni zii. Madilaya oumitsira tsitsi angokhala, fumbi la komboni yathu ya Mtendere mbuu. Kasitomala mmodzi chabe, wodzaluka tsitsi la mukule, naye walipira monyinyirika.

Foni ndachaja kwa Exildah, neba wa sola. Kenako Fesibuku, gulu lija la "Malaiti Yali Kuti?". Nditani nanga, ntchito palibe. Mmenemo aliyense ndi injiniya. Wina akuti nyukiliya basi. Wina akuti sola imakoka dzuwa, ndiye mvula yathawa. Mbuzi za anthu!

Wina wati Kariba, damu lotipatsa malaiti, inali mphatso ya azungu. Mtima phwii. Ndalemba: mphatso ya ndani? Ba tate anga, ba Enos Mbewe, anachoka ku Dedza ali mnyamata, anagwira ntchito pa Kariba ndi manja awo. Akali moyo, ali m'nyumba mwanga muno, akudya mu mdima ngati inu nonse.

Ambiri akonda. Ndamva bwino, zoona.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Kuli munthu wina, Nkole, pachithunzi wavala suti atatsamira galimoto ya eni. Walemba: "Manyasa imwe ba ku Dedza munabwera kuphikira bazungu tiyi. Ba tate banu ni ba boza." Pansi pake anthu kuseka.

Boza? Ba tate? Munthu woti sanabepo ngakhale shuga?

Ndamutukwana. Bwinobwino. Adimini wafufuta theka.

Kenako mayi wina, Mutinta, wa ku komboni ya Matero koma kwawo kuchigwa cha Gwembe. Uyu sanatukwane. Wangoti nyanja ya damu mukunyadiralo inamiza mudzi wa agogo ake ndi manda omwe, ndipo komwe anawataya mpaka lero kulibe waya wa malaiti. Ndinali nditapsa kale. Ndamuyankha kuti manda sayatsa dilaya, akalire kwina.

Ndalonjeza gulu lonse: Loweruka ndiika vidiyo, ba tate alankhule okha. Nkole adzameza lilime.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Kutentha koopsa. Relakisa wowongolera tsitsi wayamba kununkha m'mabotolo. Malasha ophikira akweranso mtengo, madzi pa pompi ndi mzere mpaka kumsewu.

Nkole tsiku lililonse: "Tikuyembekeza vidiyo ya kuku wamkulu." Kuku, ati wophikira azungu! Munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi kusefukira, mkulu wa mpingo.

Ba tate ndawachapira jekete ya ku tchalitchi. Ndawafunsa ngati angalankhule pa foni za Kariba. Angoti: "Elesi, wafunsa wekha."

Kuyambira ndili mwana nkhani yawo ndi imodzi: "Ndinali m'gulu loyeretsa." Basi, sapitirira. Ine m'mutu mwanga ndimaona ba tate pamwamba pa chipupa chachikulu chija cha damu, tsache m'manja, akusesa simenti. Ntchito yotsika, inde, koma ndi ntchito. Si tiyi wa Nkole.

Loweruka, 14 Sepitembala

Sindinatsegule saluni. Mutu.

Ndawakhazika panja pa mpando, jekete, chipewa. Poyamba zonse bwino. Dzina, kwawo, mmene anafikira kuchigwa, kutentha kwake, anzawo omwe anafa ndi malungo. Ine kumwetulira kuseri kwa foni ngati chitsiru.

Ndiye ndafunsa za kuyeretsa.

Si simenti. Chipupa anangochionera patali. Kuyeretsa kunali uku: malole akanyamula anthu a mudzi, gulu lawo linkalowa. Kudula mitengo, kugwetsa nyumba, kutentha nkhokwe kuti eni ake asabwerere madzi asanafike. Akuti agalu ankathamangira malole mpaka kutopa, n'kubwerera kudzagona paphulusa. Akuti panyumba ina mayi wake anasesa bwalo asanakwere lole, mizere ya tsache ikuoneka bwinobwino. Kapitawo anawapatsa iwo parafini.

"Ndinathira ndine."

Foni ikujambulabe. Ndimafuna kuzimitsa, chala chakana.

Ndakwiya. Ndakwiya kwambiri. Zaka zonsezi chete, amayi mpaka kumanda osadziwa, lero ndiye akhuthulire ine? Lero, anthu onse akudikira? Ndawafunsa chifukwa chiyani sananene kale. "Palibe anafunsa."

Zandithawa pakamwa, ndawauza za Mutinta. Avula chipewa. Akuti ndimutumizire mayi ameneyo yonse, osadula. Ndati inde kuti andisiye.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Ndadula.

Ndaika poyambira pokha, pamene akunena za Dedza ndi malungo. Nkhope yabwino, jekete yoyera. Gulu lonse gwedegwede. "Ngwazi yathu." "Boma liwapatse mendulo." Wina wati awaike pa ndalama. Nkole wafufuta makomenti ake, wathawa ngati galu wakuba.

Ndapambana. Kutchalitchi azimayi kundigwira mkono, akuti taona ba Mbewe pa foni.

Chakudya ndachisiya m'mbale.

Lachitatu, 18 Sepitembala

Malaiti anabwera pang'ono masana, ndisanamalize kuumitsa mutu wa kasitomala apita. Wachoka ndi tsitsi lonyowa, akutukwana ine ngati Kariba ndi yanga.

Ba tate m'mawa uliwonse, tiyi asanamwe: "Wayankha mayi uja?" Ine: netiweki, ba tate. Dzulo netiweki. Lero batire.

Gulu lasamukira kwina. Manje akukangana za magalimoto a batire. Anthu oti ngakhale njinga alibe! Za ba tate aiwala kale. Ine ndiye ndatsala nazo, ndi foni yolemera m'thumba.

Bwanji ndichite manyazi ine? Ndinatentha ine? Anali mnyamata wanjala, wotumidwa. Opanga mapulani anamwa tiyi wawo, anapita kwawo, anafa bwino. Katundu asenze mkulu wa mpingo wa mu Mtendere? Ayi. Ndikaika yonse a Nkole adzavina. Adzati Manyasa otentha midzi, bwererani kwanu. Kwathu kuti? Ine Dedza sindinapondeko.

Lachisanu, 20 Sepitembala

Mutinta wandilembera kumbali, osati pagulu. Ndimayembekeza kuti anditukwana, matusi anga ndinali nawo okonzeka.

Palibe matusi. Wati waona vidiyo, ba tate ndi munthu wooneka waulemu. Wati agogo ake anamwalira akufunsabe ngati nyumba zawo zinamira zili chiimire kapena zinagwa. Iye Mutinta sanakumanepo ndi munthu amene analiko anthu atachoka. "Mundifunsireko ba tate ngati anaona."

Nyumba zili chiimire! Mayo ine.

Akanangonditukwana. Ndikanadziwa chochita. Ulemu wakewu ukundinyansa. Zija ndinamuuza za manda ndi dilaya sanazitchule n'komwe.

Sindinayankhe. Ndatsuka zisa zonse za mu saluni, zoyera kale.

Loweruka, 21 Sepitembala

Exildah ndi pakamwa pake! Wabwera kudzabwereka mbaula, n'kuwaonetsa ba tate vidiyo pa foni yake, akuti onani mwatchuka. Aonera mpaka pothera. Ayang'ana foni, akudikira ipitirire.

Sanandikalipire. Bola akanakalipa. Nsima sanadye. Angoti: "Wandiveka mendulo ya eni."

Ndawalusira. Ine, Elesi, kukalipira ba tate anga pabwalo, maneba akumva. Ndati ndimateteza dzina lanu, dzina lathu, mukufuna ana anga azitchedwa chiyani kusukulu? Ayankha kuti dzina ndi lawo, analinyamula okha zaka zonsezi, ndipo latopetsa.

Ndalira m'bafa. Ndi mkwiyo, osati chisoni. Kapena zonse, kaya.

Ndawawerengera uthenga wa Mutinta. Ndinalibe pothawira.

Lolemba, 23 Sepitembala

Usiku ba tate sanagone bwino, chifuwa. M'mawa adzuka okha, ameta ndevu, avala jekete. Akuti vidiyo ayi, afuna kulankhula ndi Mutinta pakamwa, mayiyo amve mawu a munthu.

Ndayesa komaliza. Ndati mwina si mudzi womwewo, midzi inali yambiri. Ndafunsa dzina la mudzi wa bwalo losesedwa lija. Sakulidziwa. Ngakhale umodzi. "Sitinkafunsa maina."

Ndiye mukamuuza chiyani? Akuti zomwe anaona. Akuti mayiyo wafunsa, ndipo iwo sadzakhalapo chaka chamawa kuti wina afunsenso.

Ndamulembera Mutinta. Ndayamba ndi pepani wa zija za manda. Watumiza nambala nthawi yomweyo. Wati ali panyumba, waitana amalume ake ndi ang'ono ake kuti amve nawo. Wati akondwa kwambiri.

Akondwa! Sakudziwa chimene chikubwera. Ine ndikudziwa, ndipo ndine ndiyimbe.

Ba tate ali panja pa mpando, chipewa pa bondo. Andiitana kawiri. Akuti ndiike mawu pokweza, ndipo ndikhale pompo, ndisachoke.