Fungo la Gasi ku Miena

Lolemba, 28 Julayi

Tafika ku Miena masana. Msewu woterera kuyambira pamwamba pa phiri. Ndayendetsa ndine njira yonse, amuna anga a Merv ali pambali kundiphunzitsa magiya ngati ndinayamba dzulo. Chaka cha 41 tikubwera kukanyumba kathu ka m'mbali mwa nyanja kano kudzadikira Loweruka lotsegulira kuwedza.

Mwana wathu Kerryn sanafune kuti tibwere. Anaima pageti manja ali m'chiuno, ngati wobereka mnzake ndi iyeyo. "Amayi, adadi akangochitanso china choopsa, basi. Malo aja kunyumba ya okalamba satidikira mpaka kalekale." Ndinalonjeza kuti ndizimuuza chilichonse. Kulonjeza sikuvuta.

Nkhuni zatsala zochepa, makina ochekera analanda Kerryn yemweyo chaka chatha. Ndiye tikudalira hita ya gasi, yamatayala ija. Supu wa maungu ndi buledi. A Merv mbale ziwiri.

Lachiwiri, 29 Julayi

Fungo. Kungotsegula chitseko cha kuchipinda m'mawa, landimenya m'mphuno ngati kabichi wowola. A Merv ali pachitofu, machesi m'manja, akufuna kuwiritsa madzi a tiyi. Ndakuwa mmene sindinawakuwirepo. Iwo sakumva kanthu, mphuno zinasiya ntchito kalekale. "Iwe Glen, ndi mphuno zakozo bwenzi utalembedwa kupolisi m'malo mwa galu."

Ndatseka botolo, ndatsegula mawindo onse, hita ndaikankhira pakhonde. Madzi a sopo m'kapu ndi kaburashi, kufufuza potulukira gasi mmene ankachitira iwo. Zaka 38 akulumikiza mapayipi a gasi ku Launceston, ine wanga kunali kugwira tochi. Payipi ili bwino. Koma pa nati yolumikiza payipi ku botolo, thovu kufufuma.

Ndamasula. Kamphira ka kunsonga kang'ambika pang'ono. Ndasangalala ngati chitsiru. Kamphira chabe. Palibe choti Kerryn amve.

Machesi ndawaika m'thumba la jekete langa. Tigona ndi zipewa.

Lachitatu, 30 Julayi

Kutauni ya Deloraine ndi kubwerako, maola awiri ndi theka chifukwa cha kamphira kosakwana ndi pachala. Petulo wadya ndalama zambiri kuposa kanthuko. A Merv anatsala m'galimoto, makiyi ndinatenga.

Ndaika ndekha. Nati ya gasi imamangidwa kumanzere, mosiyana ndi nati ina iliyonse padziko, kuti munthu asalumikize molakwika. Nyimbo yawo inali imeneyo, ngakhale Kerryn ankaidziwa asanayambe sukulu. Ndamanga, ndapaka sopo, ndatsegula botolo. Zii, ngakhale kathovu kamodzi.

Anayang'ana ntchito yanga atapinda manja. "Si zoipa. Ubwere Lolemba udzayambe ntchito, koma malipiro ndi ochepa."

M'nyumba mwafunda. Madzulo amanga nthenga pa mbedza zisanu ndi imodzi, zokongola ngati za kale. Zala sizinaiwale kanthu. Andifunsa katatu kuti lero ndi lachingati.

Lachisanu, 1 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Ndinalibe mtima.

Fungo dzulo m'mawa, leronso m'mawa. Pogona ndimatseka botolo ndi dzanja langali. Podzuka ndimalipeza lotsegula, hita yosayaka, nati yokhwefuka. Kutsegulako ndi a Merv, sakana. Chikwatiranireni amalawirira kudzuka kuti ine ndipeze m'nyumba mofunda. Akuti hitayo ikukana kuyaka, ndiye amaisiya. Koma natiyo?

Ndaitana a Lindsay Triffitt a nyumba yakumunsi. Abwera ndi payipi yawo yatsopano yonse ndi mutu wake wolumikiza ku botolo, akana kulandira kanthu. Amanga okha, kuyesa kawiri. Potuluka aima pakhonde, akuyang'ana kunyanja osati kwa ine. "Glenys, ndakhala ndi mabotolo awa moyo wanga wonse. Nati simadzimasula yokha."

Ndawauza kuti ndi kuzizira, chitsulo chimakhwinyata. Akuti chaka chino chokha? Ndawauza kuti azisamala za kwawo. Munthu wandipatsa payipi yaulere, ine kumuyankha choncho. Manyazi andigwira iwo atapita.

Ndakwera kumsewu kumene kuli netiweki. Kerryn akuti zikuyenda bwanji. Ndati bwino kwambiri, adadi ako akudya ngati mnyamata. Bodza ndikuliphika bwino masiku ano kuposa supu.

Botolo ndalichotsa, ndalikhomera m'galimoto. Msana ukundiwawa.

Loweruka, 2 Ogasiti

Tsiku lotsegulira. Chisanu mpaka pa ndevu za a Lindsay. Palibe fungo, botolo lagona kunja.

A Merv pamadzi ndi munthu wina. Chingwe chikuuluka n'kutera pamene afuna. Nsomba ziwiri, ina yaikulu ndithu, a Lindsay osagwira ngakhale udzu. "Lindsay, nsomba zimakudziwa fungo, uzisamba!" Aseka mpaka kutsokomola. Ine ndili pamwala ndi tiyi, misozi ikuuma pamasaya ndi mphepo.

Munthu ameneyu akakhale pampando woyang'ana khoma, akudikira belu la chakudya? Ayi. Ndizinyamula botolo m'mawa ndi madzulo. Ndizisunga machesi, makiyi, mankhwala. Ndili ndi zaka 69 zokha, ndingathe.

Nsomba yokazinga ndi mbatata. Mutu ndawasiyira.

Lamlungu, 3 Ogasiti

Ndaona ndi maso anga.

Ndinalowetsa botolo cha m'ma seveni, kumanga, kuyesa sopo. Ndisanayatse ndinapita kukatenga jekete. Pobwera a Merv ali chogwada kuseri kwa hita, sipanala m'manja, akupotokola kumanja. Modekha, mosamala, lilime lili pakati pa mano monga ankachitira pantchito. "Wina akumaisiya yosamanga iyi, Glen. Ndikapanda kuyang'ana ine, tidzapsera muno."

Masiku onsewa ankaganiza kuti akundimangira, chonsecho akumasula.

Sindinakuwe. Bwenzi nditabisa sipanalayo n'kungokhala chete, ndipo mpaka pano sindikudziwa chifukwa chimene sindinachitire zimenezo. Mwina kutopa. Ndinakankhira hita pakhonde, kupaka sopo, kutsegula botolo pang'ono. Ndinati mangani ndione. Anapotokola kumanja, thovu n'kutuluka. Anawonjezera, thovu n'kukula. Kenako dzanja linaima. Nthawi yaitali, akungoyang'ana. Anatembenuza sipanala, kumanzere, kumanzere, thovu n'kufa. Anatseka botolo okha.

Anakhala pasitepe. Ndinaona a Merv enieni abwerera m'maso mwawo, ndipo ndinalakalaka akanapanda kubwerera. Anati ndi masiku angati. Ndinati kuyambira Lachiwiri. Anati china n'chiyani chimene ndawabisira. Ndinawauza za poto amene anapserera kunyumba mu Meyi, ndi za tsiku lija anawabweretsa mayi wa kupositi atasokera pamsewu wathu womwe. Kerryn sadziwa zonsezi.

"Ndikanakupha iwe," anatero. Ndinati simunandiphe. Anandigwira dzanja, lawo lozizira, lonyowa sopo. "Umuimbire mwanayo lero, ndikadali ine. Mawa ndikakana, usandimvere."

Ndinatsutsa. Ndinati ndingathe, ndizinyamula botolo. "Makani akowo ndi amene ndinakukwatirira, koma pano ayi."

Anandiperekeza mpaka kumsewu, n'kuima pafupi kuti amve kuti ndanenadi. Kerryn sananene kuti ndinakuuzani. Anangolira. Abwera Lachiwiri, akonza zonse ndi a kunyumba ya okalamba kuja.

Sitinadye masana.

Lolemba, 4 Ogasiti

A Merv adzuka akuimba mluzu. Za dzulo palibe chatsala. Afunsa kuti hita ili kuti, ndati a Lindsay abwereka. Zoona zake ndawapatsa, botolo ndi payipi yawo yomwe. A Lindsay angondigwira paphewa. Masana abweretsa nkhuni zodzaza wilibala.

A Merv aona zikwama pabedi. "Ukuthawa ukwati pa ukalamba uno?" Ndati ndi zokachapa. Akuti nsomba zayamba kumene kudya, tikhale mpaka Seputembala, Kerryn asatilamule, tinamubereka ndife.

Kawiri ndavala nsapato kuti ndikwere kumsewu ndikamuuze Kerryn asabwere. Kawiri ndavula. Ndimvere uti, wa dzulo kapena wa lero? Onse ndi amuna anga. Wa lero ndi wosangalala, wa dzulo ndi amene anandipempha. Ndasowa mtengo wogwira. Mtima ukundiwawa ngati ndawagulitsa.

Sipanala ndaiika m'chikwama changa. Sindikudziwa kuti ndi ya chiyani.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Kwagwa chipale chofewa usiku, pang'ono. Madzi ndatseka, firiji ndakhuthula. Nsomba yotsala ndapereka kwa a Lindsay. Akuti aziyang'anira denga.

A Merv ndawameta ndevu, ndawaveka juzi yobiriwira. Akuti tikupita kutchalitchi kodi. Mbedza zawo zanthenga akuzisanja pathebulo, akuti mphepo ikadzatsika masana tipite kugombe lakumpoto. Ndati chabwino.

Teni koloko yadutsa. Galimoto yofiira yatulukira pakona. Aiona ndi iwo poyamba, ali pakhonde. "Glen, mwana wabwera kudzawedza nafe! Mutsitsire kandodo kake kaja."

Akuthamangira kugeti opanda chipewa. Kerryn ali ndi zaka 43. Kandodoko kakadali kudenga, pamwamba pa chitseko. Ndikukakatsitsa.