Mizere ya Tatu

Lolemba, 6 Febuluwale 2023

Mvula. Saluni yotseka. Mwezi wakwana chimwalirire mwana wanga Tatu. Kolera. Sitinamusambitse, anatiletsa kumukhudza. Ine woluka akwati a Mangochi yense, mwana wanga kupita kumanda tsitsi lake losaluka.

Sindinalirebe. Ndimangokhala.

Loweruka, 11 Febuluwale

Mdzukulu wanga Yasmin akukanda m'mutu. Mizere imene ili m'mutu mwakemo anamuluka ndi mayi ake, dzulo lake mawa n'kudwala. Yokhota ngati njira ya mbuzi. Tatu anali wamanzere, ndinkamukalipira tsiku ndi tsiku.

Ndamumanga mpango mwanayo. Tadya usipa.

Lachitatu, 22 Febuluwale

Kunabwera a Esitere, anzanga a ku Malindi ogulitsa mafuta a nsatsi. Akuti amayi ofedwa ndi matendawa ayamba kukumana Loweruka lililonse kuseri kwa nyumba ya achemwali awo. Asilamu, Akhristu, onse. Amatsukana m'mutu ndi madzi a therere, kudzozana mafuta, kucheza. Akuti munthu akakugwira m'mutu mtima umatsika.

Zamkutu. Therere ndi ndiwo.

Potuluka anavula mpango wa Yasmin osandifunsa. "Amama, mwanayu ali ndi zilonda. Mukudikira mphutsi?"

Ndinawauza kuti asamale za kwawo. Ndinawalipira mafuta aja kuti azipita.

Lachisanu, 24 Febuluwale

Aphunzitsi amubweza Yasmin. Nsabwe. Akuti ndimumete mpala.

Lumo ndili nalo, zala ndili nazo. Koma m'nyumba muno chimene chatsala chopangidwa ndi manja a Tatu ndi mizere yomweyi. Zovala tinagawa pa sadaka. Mphasa anaiwotcha.

Lachiwiri, 28 Febuluwale

Palibe. Ndachapa. Pilo wa mwana ali ndi timadontho ta magazi.

Loweruka, 4 Malichi

Ndinapita kwa amayi aja. Osati chifukwa cha a Esitere ayi, mwana anali kulira ndi mutu.

Amayi ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Mabeseni, zipeso, fungo la nsatsi. Wina wa ku Nkope anaika mwamuna ndi mwana sabata imodzi, koma anali kuseka nkhani ya mtengo wa sopo. Ndinamuda.

Palibe anandipepesa. Anangondikhazika pampando, n'kundivula mpango. Tsitsi langanso linali litapotana, sindinkadziwa. Wa ku Nkope yemweyo ndiye ananditsuka. Zala zolimba, zokhakhala ndi ntchito yowamba nsomba. Ndinagona tulo pampando pomwepo, masana dzuwa likuswa mtengo. Manyazi.

Atafuna kumasula Yasmin ndinakana. Ndimasula ndekha.

Lamulungu, 5 Malichi

Pakhonde, m'mawa. Yasmin pakati pa miyendo yanga. Ndinayambira kutsogolo. Tsitsi lambiri lathothoka, zilonda zinayi, china chili ndi mafinya. Mawa kuchipatala.

Mzere uliwonse ndimaona pamene Tatu anakoka kwambiri, pamene anathamanga, pamene mwana anagwedeza mutu iye n'kuyambiranso. Ndimasula, ndipesa, palibenso.

Ndinasiya umodzi, wakunkhongo, wokhota kuposa yonse. Ndinati ubisika m'tsitsi lina, ndani aone.

Yasmin anapapasa ndi dzanja. "Agogo, mwaiwala umodzi."

Ndinati sindinaiwale, umenewo ndi wa amayi ako.

Anaupapasanso. Kenako, "Ndi umene ukuwawa kwambiri."

Wapita kukatunga madzi otsukira. Akubwera, ndikumva ndowa. Chipeso chili pamwendo panga. Maso ayamba kuchita chifunga, sindikuona bwino polemba