Ngayaye Zopanda Mungu

Lolemba, 6 Febuluwale 1984
Ndagwedeza ngayaye 120 m'mizere inayi imene Uladi akuyesera mbewu m'munda mwanga. Mungu: ziro. Chimanga chamakolo pambali pake, mungu mpaka m'maso.

Loweruka ankhoswe akumana za mwana wanga Elliam ndi mkazi wake Joanna. Zaka 9, miyezi 4, opanda mwana. Ndine ndinati banjali lithe.

Lachitatu, 8 Febuluwale
Uladi wabwera panjinga. Ndinkamukwapula chifukwa cha samu mu Sitandade 5, lero ngwa digiri ya zaulimi. Anaseka: "Aphunzitsi, mpaka kuwerenga ngayaye? Simunapume pantchito kodi?"

Akuti mbewuyo njotero dala. Ku Ulaya ankafufuza bitiruti wopangira shuga, nayenso amatha kukhala ndi maluwa opanda mungu. Chilemacho chimakhala mu tinthu tating'onoting'ono ta m'maselo, mitokondiriya, tokhala ndi DNA yakeyake. Ndinamulembetsa mawuwo. Tinthuto timachokera kwa mayi yekha. Mayiyo amabereka bwinobwino, koma amapatsira ana ake.

Ndinafunsa: nanga anthu?

"Iyayi aphunzitsi, ine ndimadziwa zomera basi."

Lachinayi, 9 Febuluwale
Sindinapite kumunda. Ndawerenga amuna a mbumba ya agogo anga. Malume Blasius: akazi atatu, ana 0. Mlongo wanga Pitala: akazi awiri, ana 0. Wachiwiriyo atakwatiwanso ku Nsanama anabereka asanu. Elliam: 0. Akazife tonse tinabereka.

Akazi asanu anachoka akulira, ife tikuwanyoza. Ine, mphunzitsi wa samu, sindinaphatikizepo.

Lachisanu, 10 Febuluwale
Mwina anthu si chimanga. Ndawerenganso kawiri, yankho lomwelo.

Joanna wabweza nsalu imene ndinamubwereka. Yochapa, yosita. Popanda kalata.

Loweruka, 11 Febuluwale
Basi yanyamuka 6:40. Khadi la chipani aliona kawiri tisanafike ku Machinga. Ndapeza ankhoswe anayi pakhonde la Elliam, masutikesi awiri omanga kale, Elliam maso pansi. Anandipatsa mpando. Ndinakhala pamphasa pafupi ndi Joanna. Anasuntha pang'ono.

A Willard, nkhoswe ya Joanna, anati: "Mayi, munayambitsa ndinu. Lankhulani."

Pepala langa lowerengera amuna a mbumba linali m'manja. Sindikanatha kuliwerenga pagulu.

Ndinati, "Joanna, masula masutikesiwo kaye. Elliam, tiye kuseri."

Kuchokera pakhonde kukafika pamtengo wa mango, mapazi 23. Iye anali kunditsatira, akufunsa, "Amayi, kwagwanji?"