Thonje la m'mimba mwa sitima

Lolemba, 10 Julayi

Kwazizira mpaka mtanda wa mabanzi wachedwa kufufuma. Chakudya cha mdala wanga, a Philimon, ndakapereka mochedwa kuyadi ya njanji. Ndawapeza pomwe ndimawapeza masiku onse, akusisita mkazi mnzanga. Ndimatero ine ndikamanena mutu wa sitima ya malasha uja boma linauimika kuseri kwa mashedi akale kuti anthu azionera. Sunayendepo chibadwire Selina wathu, koma mdala amaupukuta ngati mawa ukupita ku Kapiri. Ntchito yawo ndi imeneyo: kuulondera, kuusesa, kuupaka penti ikapezeka. Siipezeka kawirikawiri.

Kunali alendo a ku Lusaka, abwera kudzaona kuti kuukonza kungadye ndalama zotani. Mmodzi ndi mtsikana, injiniya, ati Inonge. Amacheza bwinobwino ndi mdala mpaka anafika mbali imene malata a boyila anadyeka ndi dzimbiri, pomwe pamatuluka zoyera zija zangati thonje. Anabwerera m'mbuyo n'kutseka mphuno ndi mpango.

"Ba dala, ivi mumagwila na manja?"

Mdala akuti ee, zikatuluka amazikankhira momwemo, zakugwa amasesa. Kuseka kwa mtsikana kunathera pomwepo. Anatichotsa tonse, ine ndi mbale zanga zomwe.

Nkhope imene ija sindinaikonde.

Lachiwiri, 11 Julayi

Azunguliza tepi yofiira sitima yonse. Dzina la zoyerazo ati asibesitosi. Azungu ankakutira nazo boyila kuti isamataye kutentha.

Mdala wabwera akuseka. "Ise ba Kabwe tinakula tikudya doti ya mtovu, manje tiyope kotoni?" Aseka mpaka chifuwa chawagwira, chouma chija chinayamba Pasaka asanafike. Ine ndinkati ndi mphepo chabe.

Sindinaseke nawo. Thonje lomwelo lili mu uvuni wanga. Chaka chija tinapanga uvuni wa migolo iwiri, waung'ono mkati mwa waukulu, mdala anabwera ndi thumba la zomwe anasesa, zimene akuluakulu awo anati akataye. Tinazikanikiza pakati pa migoloyo ndi manja. Uvuni wake sutaya moto, makala pang'ono koma mabanzi okwanira komboni yathu yonse ya Chililalila. Azimayi akutchalitchi akamandifunsa chinsinsi ine ndinkangodzikweza mapewa.

Lachitatu, 12 Julayi

Sindinawotche mabanzi. Makasitomala ndawanamiza kuti fulawa watha.

Ndinalawira kuyadi kuti ndimupeze Inonge payekha. Ndinamufunsa mosazungulira kuti zinthuzi zimatani munthu.

"Ba mayo, sivipweteka lelo. Vimangena mu mapapo, vimankala zii zaka zambili, ndiye vizauka."

Zaka zambiri! Mdala anayamba ntchito ija ndili ndi mimba ya Selina, ndipo Selina pano ali ndi wake kumbuyo.

Nditamuuza za uvuni anagwira m'mutu. Ati ndisauphwanye, ndisasese pafupi, ndiwaze madzi mozungulira n'kuphimba ndi pulasitiki, atumiza anthu adzautenge. Ati mabanzi si nkhani kwenikweni, choopsa ndi kupuma fumbi lake. Kenako anati ba dala akajambulitse chifuwa msanga, wawamva mmene akutsokomolera.

Ndinafunsa kuti nanga zaka zonsezi bwanji osatiuza. Anayang'ana kumbali. Ati malata atsopano akhala akupemphedwa kuyambira kalekale, ndalama osapezeka, imabwera ndi penti yokha Indipendensi ikayandikira. Ati kuchotsa thonjelo mwadongosolo n'kodula kuposa kukonza zina zonse za sitimayo kuphatikiza pamodzi. Ndiye kuti mkazi mnzanga ankamudzoza mafuta kunja, m'mimba muli zimenezi.

Uvuni ndauphimba. Ndikadutsa pafupi ndimagwira mpweya ngati chitsiru.

Lachinayi, 13 Julayi

Akana chipatala. "Nili che bwino, amake Selina. Kuja bamakupezela matenda." Ndikuopa, ndipo ndilibe womuuza.

Lachisanu, 14 Julayi

Kumsika ndakumana ndi amayi Alefa, amasiye a malemu Mathias, amene ankagwira ndi mdala kuyadi kuja. Tonse tinkadziwa kuti a Mathias anapita ndi TB. Ndinangoyamba ngati macheza, kufunsa mmene matenda aja anayendera.

Ati mankhwala a TB anamwa mpaka kumaliza, osasintha kanthu. Ati kumapeto sankathanso kugona chagada, ankagona chokhala pampando, zenera lili lotsegula ngakhale mu Juni. "Nanga mufunsila chani, mulamu?"

Ndinati palibe. Ndabwera kunyumba opanda tomato amene ndinapitira.

Mdala masiku ano amagonera mapilo awiri. Anayamba liti sindikukumbuka, ndipo zimenezo ndi zomwe zikundiopsa kwambiri. Ndinali kuti ine?

Loweruka, 15 Julayi

Loweruka ndi la maukwati, ndipo kuno ukwati sunathe ngati akwati sanajambulitse atakwera pa sitima ija. Mdala ndiye amawakweza, mkwati n'kumubwereka kapusi yawo ya njanji. Selina naye anajambulitsa pomwepo, atatsamira boyila.

Lero ndikufika ndi chakudya ndapeza galimoto zamaluwa zaima, operekeza akwati akudumpha tepi. Mdala anawathamangira. Sindinawaonepo akukalipira munthu chonchija. Azakhali a mkwatibwi nawo osagonja, ati sitima ni ya boma, si ya nyoko. Mdala anati awayankhe, mawu osatuluka. Anagwira mawondo, kukamwa kuli yasa, mpweya ukuchita kulira. Anthu aja anachita mantha okha n'kubwerera m'magalimoto.

Ndinawakhazika pa njanji. Mpweya utabwerera anati, "Bana bang'ono benze pafupi maningi na paja pobooka." Ndiye kuti akudziwa. Kuseka konse kuja ankasekera ine.

Chakudya sanadye.

Lamulungu, 16 Julayi

Ku Misa sindinamve ulaliki. Maso anali pa kwaya, mzere wakumbuyo, pomwe mdala amaimba besi. Munthu amene ankakoka liwu mpaka ena onse atatha. Lero amaba mpweya pakati pa mzere, ndipo pa nyimbo ya zopereka ndinaona kuti akungoyendetsa milomo.

Pobwerera tinayenda pang'onopang'ono, iwo ati akuonera nyumba zatsopano. Tili pageti anati, "Mailo tiyende." Sindinafunse kuti mawalo tikupita kuti, kuopa angasinthe maganizo.

Lolemba, 17 Julayi

Chipatala chachikulu, mzere wake wosatha. Awatenga makhololo, awajambula chifuwa. Ati tibwere Lachinayi.

Masana kwabwera anthu a Inonge atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kudzatenga uvuni. Mzere wonse wa nyumba unatuluka kudzaonera. Justina wapafupi, amene ana ake akula akudya mabanzi anga, anaima pampanda manja ali m'chiuno. "Ba neba, mwenze kutidyesa chani?" Ndinayesa kufotokoza za fumbi, iye analowetsa ana m'nyumba n'kutseka chitseko. Sindikumuda, nanenso ndikanatero.

Bizinesi yatha basi. Ndimayembekeza kuti zindipweteka, koma mutu wanga uli pa Lachinayi.

Lachiwiri, 18 Julayi

Mdala apita kuntchito ngati kale. Ati sitima aikuta ndi pulasitiki wakuda podikira bajeti, iwo azingolondera chapatali. Abwera okhumudwa, ati pansi pa pulasitiki dzimbiri lithamanga. Munthu akudandaula dzimbiri la sitima! Ndinafuna kuwalalatira, koma ndinangowathirira tiyi.

Lachitatu, 19 Julayi

Selina waimba foni. Ndamuuza kuti atate ake ali ndi chimfine. Pemphero la korona ndayamba kangapo osamaliza.

Lachinayi, 20 Julayi

Si TB.

Dokotala anapachika chithunzi pa nyali n'kutilozera mbali zonse ziwiri, m'munsi, pomwe pachita mbuu. Ati ndi zipsera m'mapapo. Ati sizichoka, koma pali zothandiza kuti azipuma bwinoko, ndipo atitumiza ku Lusaka akaonenso ndi makina ena. Ndinafunsa ngati zimakula. Anati kwa ena zimachedwa. Ndinamva zimene sananene.

Mdala anavula kapusi n'kuigwira m'manja. Kenako funso lawo linali lakuti angabwerere kuntchito kapena ayi. Dokotala anatembenukira kwa ine.

"Ba mayo, ovololo yao achapa ni ndani?"

Ndinati ndine, angachape ndaninso.

"Mumaikung'unta poyamba?"

Ndimaikung'untha. Ndimaipachika pa chingwe n'kuimenya ndi ndodo mpaka fumbi loyera litatha, kuti isandithere sopo. Ndachita zimenezo kuyambira ndili mtsikana, nthawi zina Selina ali kumbuyo. Sabata yonseyi ndakhala ndikumvetsera chifuwa cha mdala, changa sindinachiganizirepo n'komwe.

Dokotala anatenga khadi latsopano n'kufunsa dzina langa.

Tinabwerera pa benchi la kojambulira pomwe tinakhala Lolemba, koma tsopano wokhala kutsogolo ndine. Nesi anati ndivule korona ndi ndolo, chikwama ndisiye kunja. Mdala anatambasula manja. Mwamuna amene chikwatirane sanakhudzepo chikwama changa, ati n'za azimayi, anachiika pa mawondo n'kuchigwira ndi manja onse.

"Osayopa, amake Selina. Nili pamene pano."

Nesi ataitana dzina langa, Anastazia, ndinangokhala pa benchipo. Anandidzutsa ndi iwo, akupuma movutikira, chikwama chili m'khwapa.