Diresi limene munasungira Tiwonge

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ndikhulupirira kuti miyendo ija inasiya kutupa, ndiponso kuti adada munawapeza. Muwapatse moni. Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Ntcheu, chija munakana kuchisiya zaka zonse munakhala kuno ku Wovwe, chifukwa ndi mmene munkandikalipira. Nkhani ndili nayoyi ndi yofunika kukalipiridwa.

Koma ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu NyaMhango anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi. Tinamutcha Esitere, dzina lanu. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ndipo akakwiya amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira mukapeza wina wasiya chitseko cha nkhuku chosatseka. Mpunga wa kupuloti kwanu kusikimu yothirira unachita bwino, ngakhale mbalame zinatithetsa mawu. Denga la khitchini likudontha pamalo pomwe paja. Ndinanena pa maliro anu kuti ndilikonza, ndipo mpaka lero NyaMhango amatcherapo beseni.

Mukukumbukira mmene ndinkajambulira anthu ndi foni m'maukwati a eni ake? Munkati, "Wongani, anzako akudya, iwe ukusuzumira m'kagalasi." Matenda amenewo sanandichoke. Titakolola, ndinagulitsa gawo langa la mpunga nkugula kamera yogwirapo kale ntchito kwa mnyamata wina wobwera ndi katundu kuchokera ku Tanzania. Ndinati basi, tsopano ndine wojambula maukwati. Ndinatsegula tsamba pa intaneti. Ndikudziwa kuti zimenezi simunazikonde, ndiye ndingoti ndi chikwangwani ngati cha m'mbali mwa msewu, kungoti chimakhala m'mafoni a anthu. Ndinalembapo dzina langa, nambala, ndi mawu okoma ambirimbiri onena za chikondi. Kenako ndinakhala pansi kudikira.

Anthu ankafunsa ndithu. Koma aliyense funso lake linali limodzi: tiwonetseni maukwati amene munajambulapo. Ine m'kamera munali mbuzi za abambo aakulu, mpunga, ndi Esitere akuyasamula. Palibe amene amapereka tsiku lake la ukwati kwa munthu woti sanajambulepo ukwati, ndipo ine ukwati woti ndiyambirepo ndikanautenga kuti? Bandulo inkatha ndikungoyankha kuti, "Zithunzi zikubwera posachedwa."

Pali gulu la ojambula limene timachezerana pa foni. Mmodzi wa kutawuni analemba kuti iwo poyamba amaveka anzawo zovala zaukwati nkuwajambula, kuti akhale ndi zowonetsa. Analembanso kuti pansi pa chithunzicho uzinena kuti nzongowonetsera. Mzere umenewo ndinauwerenga, Amayi. Ndinaudumpha dala, chifukwa ndinkafuna anthu aganize kuti wina anandikhulupirira kale.

Apa mpamene diresi lanu laukwati likulowa m'nkhani. Lija la m'sutikesi yobiriwira, la manja aatali, limene munkalitulutsa kamodzi pachaka kuti lipitidwe mphepo. Munkaliyeza pamsana pa mlongo wanga Tiwonge iye akadali ku pulayimale, nkumati, "Ili lidzatuluka pakhomo pano tsiku limodzi lokha, ndipo mwini wake ndi uyu." Ndinalipo pamene munabwereza mawu amenewa kuchipatala.

Tiwonge ali pa chitomero ndi Vitumbiko, mphunzitsi wa ku Vinthukutu uja anabwera kudzakuwonani ndi mkoko wa nthochi. Chisoni cha maliro anu chitatha, akwawo anatumiza thenga wawo, mkulu woyenda pakati pa mabanja awiriwa, ndipo abambo aakulu anagwirizana nawo za malowolo. Tsiku lobweretsa ng'ombe linali litapanganidwa kale. Zonsezi ndinkazidziwa pamene ndinapita kwa Tiwonge ndi sutikesi m'manja.

"Yayi, adumbu," anatero. "Amama anati nla tsiku langa."

"Nkanthawi kochepa chabe. Ndizingowonetsa makasitomala pa foni yanga. Adziwa ndani?"

Anakana, ndinamunyengerera, ndinatchulanso za Esitere kuti akufunika sopo ndi mafuta. Mukumudziwa mwana wanu, mtima wake ndi wa phala. Anavala.

Mkwati ndinakamupeza kumsika. Ndi Che Saidi, wa ku Mangochi, amene ali ndi sitolo ya nsalu pafupi ndi chigayo. Ndi wamtali, ndipo ndi yekhayo ndinkadziwa kuti ali ndi suti yomukwana. Anaseka nkuti, "Suti ilipo, achimwene, koma mundijambule mbali ino, inayo kuli chipsera." Ndinawatengera kusikimu m'mawa dzuwa lisanapse, mpunga uli wobiriwira mbali zonse. Ndinawaimika pamzere wa ngalande. Tiwonge sanalole kugwirana manja, anangoima pambali pake atagwira maluwa a pepala, akuyang'ana pansi chifukwa cha manyazi. M'chithunzi manyaziwo anatuluka ngati ulemu wa mkwatibwi.

Amayi, zithunzizo zinali zokongola. Ndikunena izi ndi manyazi, koma sindinajambulepo chinthu chokongola chonchija. Ndinaziyang'ana nkuona kuti kuzisunga m'foni ndi kuwononga. Ndinaziika pa tsamba lija osamufunsa Tiwonge, ndipo pansi pake ndinalemba kuti, "Zabwino zonse kwa banja latsopano. Zikomo potikhulupirira."

Foni inayamba kulira tsiku lomwelo. Anthu a ku Uraha, a kuboma, ngakhale wina wa ku Mzuzu, onse kufunsa ngati ndili ndi mpata. Chithunzicho chinkadumpha kuchoka m'gulu lina kupita m'gulu lina. Ndinkayenda mumsika ngati bwana. Munkati maso anga amathamanga kusiya mutu m'mbuyo, ndipo ndi mmene zinalili. Sindinaganizeko ngakhale pang'ono kuti ku Vinthukutu nakonso kuli mafoni.

Tsiku la ng'ombe linafika. Azimayi anaphika kuyambira m'mawa. Abambo aakulu anavala jekete lawo la kutchalitchi nkukhala pansi pa mango ndi akuluakulu anzawo. Dzuwa linafika pamutu, nkuyamba kupendeka, msewu uli zii. Mpunga unazizira m'mapoto. Kenako tinaona thenga akubwera yekha pa njinga, opanda ng'ombe, opanda aliyense pambuyo pawo. Anapereka moni mwaulemu, anakana mpando nkukhala pamphasa. Ndiye anatulutsa foni m'thumba la malaya, naipereka kwa abambo aakulu ndi manja awiri.

"Ankhazi a mnyamata, alongo a abambo ake, anawonetsedwa ichi ku msonkhano wa amayi," anatero. "Ng'ombe zinali zitatuluka kale m'khola, tazibweza. Andituma kuti ndifunse chimodzi chokha. Mwana uyu mukumukwatitsa kangati?"

Abambo aakulu maso awo ndi ofooka, ndiye anaiyandikiza foniyo kumphuno. Anayang'ana nthawi yaitali. Anangoti, "Ili ndi diresi la mayi ako," nkuvula jekete lija, kulipinda, kuliika pamwendo. Bola akanandimenya, Amayi. Tiwonge anali kukhitchini ndipo anamva zonse.

Tinalongosola kuti unali ukwati wabodza. Thenga anamvetsera, koma anati nkhaniyi yakula kuposa iwo. Vitumbiko anamukhulupirira Tiwonge atangomuimbira, koma mukudziwa kuti kuno sakwatira munthu yekha. Ng'ombe ndi za abambo ake ndi abale awo, ndipo mudzi wonse unali ukuwaseka kuti akulowola mkazi wa mwini sitolo. Akwawo a Vitumbiko anati ine ndipite ndi mkwati wangayo ndikanene pamaso pawo, komanso ndilembe zowona pa tsamba lomwelo pamene ndinalemba bodza, kuti amene anawona awonenso.

Tsopano apa mpamene cholembera chikundilemera. Sindinapite msanga. Ndinazengereza. Mabanja angapo anali atandipatsa kale masiku awo chifukwa cha chithunzi chimenecho, ndipo ndinkadziwa kuti ndikalemba kuti chinali chabodza, athawa. Ndinkadziuza kuti mwina a ku Vinthukutu mtima ugwa pansi okha. Tiwonge anasiya kupita kumsika, anasiya kwaya, ankatunga madzi anthu asanadzuke. Ine ndinkamumvera chisoni, koma dzanja linkapitabe m'thumba kukawona kuti anthu angati akonda chithunzicho. Ndine mwana wanu ameneyo, Amayi, munandilera nokha.

Anandidzutsa ndi NyaMhango. Anali akuyamwitsa pakhonde, ine ndikuyankha kasitomala. Sanakweze mawu. Anangoti, "A dada a Esitere, uyu akadzakula mudzamuchitanso chimodzimodzi?" Ndinayang'ana kamphumi kaja, ndipo foni ndinaiika pansi.

Kwa Che Saidi ndinapeza moto uli kale. Mkazi wawo weniweni anali atawona chithunzicho ku Mangochi, nkukwera basi ndi mwana kumbuyo. Ndinawapeza atakhala pakauntala ngati msilikali. Che Saidi atandiona anati, "Achimwene, munati nza pa foni yanu basi. Taonani pano." Ndinapepesa kwa onse awiri. Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkuti apita nawo ku Vinthukutu, kuti anthuwo akawone ndi maso kuti mwamunayu mwini wake alipo. Anatseka sitolo pa tsiku la msika chifukwa cha zopusa zanga.

Ku Vinthukutu tinakhala pamphasa, abambo aakulu kutsogolo, ine pambuyo mutu uli pansi. Ndinanena zonse: kuti Tiwonge anakana, kuti ndinamunamiza, kuti mawu a pansi pa chithunzi ndinalemba ndekha. Ankhazi a Vitumbiko, mayi wamfupi wamaso akuthwa, anandifunsa kuti, "Ndiye munagulitsa mdumbu wanu kuti mupeze makasitomala?" Ndinati inde. Kenako ndinatulutsa foni pomwepo, ndinalemba pa tsamba lija kuti ukwati uja sunachitike, kuti mkwatibwi ndi mlongo wanga amene ndinamulakwira, ndiponso kuti palibe amene anandilembapo ntchito yojambula ukwati ngakhale umodzi. Ndinawerenga mokweza ndisanatumize. Ankhaziwo anati ndiwerengenso kachiwiri, agogo a mnyamata sanamve bwino.

Zimene anthu analemba pansi pake sindikuuzani zonse. Ena akunditchula kuti m'busa wa kusikimu, wodalitsa maukwati m'ngalande. Ndikadutsa pa chigayo anyamata a kabaza amandifunsa ngati ndili ndi mkwatibwi wina wotsala. Mabanja aja ambiri anabweza mawu awo. Limodzi lokha la ku Uraha linati ndibwerebe, kuti zithunzi anaziwona ndipo nzabwino, koma ndisaike nkhope zawo paliponse osafunsa. Ndinavomera ndisanamalize kuwerenga.

Ng'ombe zinabwera, Amayi. Zili m'khola la abambo aakulu, ndipo imodzi ndi ya bere. Ukwati udzachitika ku tchalitchi chathu mpunga wachilimwe ukakololedwa. Tiwonge wabwerera ku kwaya.

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Diresi lija linali ndi matope a kusikimu m'mphepete mwake, ndiye ndinalichapa ndekha, osalola NyaMhango kuligwira. Ndinalisita ndi simbi yamakala pang'onopang'ono, ndinasokanso batani limodzi limene linkagwedera. Lamulungu lapitali titaweruka, ndinalinyamula pamikono kupita nalo kwa Tiwonge. Ndinamupeza akupeta mpunga. Ndinati, "Nali, layera ngati kale."

Anapukuta manja pa chitenje, nkulisisita pamanja aatali paja. Sanalire, sanakalipe. Anati, "Yewo, adumbu, mwachapa bwino. Koma diresi ili lakwatiwa kale. Ndikalowa nalo m'tchalitchi, anthu adzayamba kufunafuna Che Saidi." Anati adzabwereka la kuboma, la aja amabwereketsa madiresi. Kenako anatola lichero lake nkupitiriza kupeta.

Ng'ombe ndinazibweza, mbiri ya Tiwonge ndinaibweza, koma ichi sindingathe. Munalisunga diresi limeneli kwa njenjete ndi makoswe zaka zonse zija, munakana kuligulitsa ngakhale chaka cha njala, ndipo amene walitulutsa pa tsiku lolakwika ndi ine. Tiwonge adzalowa m'tchalitchi atavala diresi limene avalapo akazi osawadziwa, ndipo ine ndidzaima kutsogolo ndi kamera kumujambula, chifukwa wanena kuti ndijambule ndine. Wati zithunzizo nza m'nyumba mwake, osati za pa tsamba langa. Sindikudziwa kuti ndidzawona bwanji m'kagalasi kaja tsiku limenelo.

Ndikhululukireni, Amayi. Diresi ndalibwezera m'sutikesi yobiriwira, ndaikamo mankhwala a njenjete monga munkachitira, ndipo kiyi ndapatsa NyaMhango, chifukwa ine ndaona kuti sindine wosunga kiyi. Dzulo ndinalitulutsa pang'ono kuti lipitidwe mphepo, nkuyeza dzanja lake limodzi pa Esitere ali mtulo. Dzanja lokhalo linamufunda thupi lonse. Pofika nthawi yake, anthu adzakhala ataiwala za kusikimu. Ndikulonjeza kuti silidzatulukanso pakhomo pano mpaka tsiku lake, ndipo akadzandiuza kuti yayi, ndidzamva.

Denga la khitchini ndikonza mvula isanagwe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Wongani